Musanalembe propozo, yambani mwamva vuto la mwini ntchito

Tsegulani nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times tsiku lililonse la mkati mwa sabata, mupeza masamba odzaza ndi zidziwitso za mabungwe omwe akufuna akatswiri. Lina likufuna womulembera ndondomeko ya ntchito ya zaka zisanu, lina likufuna wokaona ngati mijigo yomwe lidakumba kumidzi ikutulutsabe madzi, pomwe khonsolo ina ikufuna wophunzitsa antchito ake kasungidwe ka mabuku a ndalama. Pansi pa chidziwitso chilichonse pamakhala tsiku ndi ola lotsekera.

Ntchito zimenezi ndi zija pa Chingerezi amati consultancy. Munthu kapena kampani imalembedwa kwa nthawi yochepa kuti igulitse nzeru ndi luso lake, ikamaliza n'kulandira zake, basi. Khomo lolowera m'ntchitozi ndi chikalata chomwe ambiri timangochitchula kuti propozo.

Pakhomo limeneli tsopano pali chithinithini. Boma la America litaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena mu Januwale 2025, mapulojekiti ambiri omwe ankayendera ndalama za USAID adatsekedwa ndipo anthu odziwa ntchito adabwerera kunyumba. Onjezerani apo achinyamata omwe chaka ndi chaka akutuluka ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi KUHeS koma ntchito osaipeza. Onsewa maso ali pa zidziwitso zomwe zija. Amene amapambana nthawi zambiri si amene ali ndi madigiri ochuluka, koma amene walemba mooneka kuti wamva chomwe chikumusowetsa tulo mwini ntchito.

Werengani kaye, funsani kaye

Mabungwe ambiri amatulutsa chikalata chotchedwa Terms of Reference, mwachidule ToR. M'menemo amafotokoza chiyambi cha ntchito, cholinga chake, zomwe katswiri ayenera kupereka pomaliza, masiku omwe alipo, komanso momwe adzachongere mapropozo. Pa ntchito zikuluzikulu amayamba aitana anthu kuti angosonyeza chidwi, n'kusankhapo ochepa omwe amawatumizira zikalata zonse. Pa sitepe yoyambayo safuna mtengo, amangofuna kudziwa kuti ndinu yani ndipo mudagwirapo zotani.

Chikalata cha ToR chimafuna kuchiwerenga katatu, cholembera chili m'manja. Ulendo woyamba fufuzani vuto lenileni. Wachiwiri lembani pambali chilichonse chomwe alamula, ngakhale chooneka chaching'ono ngati chiwerengero cha masamba kapena mutu wolemba pa imelo. Wachitatu dzifunseni moona ngati ntchitoyo mungaithe. Kusiya tenda yomwe simungaikwanitse si mantha, n'kusunga dzina.

Pomwe simukumvetsa, funsani. Safunsa adadya phula. Zidziwitso zambiri zimapereka adiresi ndi tsiku lomaliza kulandira mafunso, ndipo pa ntchito za boma yankho limatumizidwa kwa onse opikisana. Funsani kudzera njira yomweyo, polemba. Kuimbira mnzanu wa m'bungwemo usiku kuti akutsineni khutu kukhoza kukuchotsetsani pampikisano, iyenso n'kumuika m'mavuto.

Mwini ntchito nayenso mufufuzeni. Werengani malipoti ake akale, dziwani amene amamupatsa ndalama, ndipo ngati ndi bungwe lomwe si laboma, onani ngati lidalembetsa ku NGORA. Si onse oitana akatswiri omwe ali ndi ndalama m'thumba.

Mapepala omwe amagwetsa munthu asanawerengedwe

Komiti yochonga isanayang'ane nzeru zanu, imayamba yaona ngati zikalata zomwe idapempha zilipo. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kawirikawiri pamafunika satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Yachitatuyi imatha mphamvu, choncho yang'anani tsiku lake msanga, osadikira sabata yotsekera.

Wofuna ntchito za boma, makhonsolo ndi makampani a boma ayeneranso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, lomwe lidabwera ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Ntchito zina zimafunanso umboni wa bungwe la luso lanu. Owerengera ndalama amafunsidwa za ICAM, ndipo a zomangamanga amafunsidwa satifiketi ya bungwe loyang'anira ntchito zomanga.

Nthawi nayo siseka. Ngati alemba kuti bokosi la matenda litsekedwa 10 koloko mmawa, wofika mphindi zisanu pambuyo pake amabwerera ndi envelopu yake yosatsegula. Wotumiza pa imelo akumbukire kuti magetsi ndi netiweki sizidziwa kuti lero n'lotsekera. Tumizani kutatsala tsiku lathunthu.

Mtima wa propozo

Propozo yambiri imagawidwa pawiri: gawo la luso ndi gawo la mtengo. Gawo la luso limayamba ndi kusonyeza kuti ntchito mwaimvetsa. Cholakwika chofala n'kukopera mawu a ToR n'kuwabweza kwa eni ake. Iwo adalemba okha mawuwo, sakufuna kuwawerenganso. Cholakwika china n'kudzaza masamba oyambirira ndi mbiri ya kampani yanu. Wochonga akufuna kuona vuto lake pa tsamba loyamba. Mbiri yanu idikire.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lidakumba mijigo 60 ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo likufuna katswiri wokaunika momwe pulojekitiyo idayendera. Wolemba waulesi adzati madzi ndi moyo ndipo Malawi ndi dziko losauka. Wolemba wodziwa adzanena kuti m'madera ena a kuchigwa cha Shire madzi a pansi panthaka ndi amchere, kotero mjigo ukhoza kumatulutsa madzi koma anthu n'kumakatungabe kumtsinje. Adzanena kuti pampu ya Afridev, yomwe ili pa mijigo yambiri m'dziko muno, imafuna kusinthidwa timaraba nthawi ndi nthawi, choncho funso lalikulu ndi lakuti komiti ya pamjigo ikutolera ndalama kapena ayi, ndipo zipangizo ikuzigula kuti. Adzakumbutsanso kuti namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndiye pafunika kusiyanitsa mjigo womwe udafa chifukwa chosasamalidwa ndi womwe udakwiririka ndi madzi osefukira.

Ndime zitatu zotere zimauza wochonga kuti munthuyu dera akulidziwa, kuposa masamba khumi a Chingerezi chozungulira.

Kenaka pamabwera kagwiridwe ka ntchito. Apa pewani mawu oti "tidzagwiritsa ntchito njira zosiyanasiyana". Nenani zenizeni. Pa mijigo 60 ija mudzayendera ingati, ndipo mudzaisankha bwanji kuti musangoona ya m'mbali mwa msewu? Mudzacheza ndi mabanja angati? Amayi, omwe ndiwo amatunga madzi, mudzakumana nawo paokha kapena pamaso pa mfumu, pomwe ena sangamasuke? Mafunso adzakhala m'chiyankhulo chanji, poti kumeneko ambiri amayankhula Chisena ndi Chimang'anja? Ntchito ikadakhala ya ku Mangochi kapena Machinga mukadafuna odziwa Chiyao, ya ku Rumphi odziwa Chitumbuka.

Sonyezaninso kuti mukudziwa khomo lolowera paboma. Palibe amene amangotulukira m'mudzi ndi mafunso. Mumayamba mwaonekera kwa bwanamkubwa ndi akuluakulu a nthambi yokhudzidwa, kenaka kwa mfumu yaikulu ndi makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC. Ngati ntchitoyo ndi kafukufuku wokhudza anthu, pangafunike chilolezo cha komiti yoona za umunthu pakafukufuku, monga zomwe zili pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo chilolezocho chimatenga nthawi ndi ndalama. Kuyambira 2024 dziko lino lilinso ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, choncho fotokozani momwe mudzasungire maina ndi mayankho a omwe mwacheza nawo.

Mabungwe ambiri akunja pounika pulojekiti amatsata mfundo zisanu ndi imodzi za bungwe la OECD: ngati pulojekitiyo inkayankha vuto lenileni, ngati inkagwirizana ndi ntchito zina za m'deralo, ngati idakwaniritsa zolinga, ngati ndalama zidayenda mosamala, kusintha komwe idabweretsa, ndi ngati phindu lake lidzapitirire eni ndalama atachoka. Ngati ToR yatchula mfundozi, ikani mafunso anu pansi pa iliyonse kuti wochonga asavutike kusaka.

Masiku ndi anthu

Ndondomeko ya masiku iyenera kugwirizana ndi kagwiridwe komwe mwalonjeza. Pa chitsanzo chathu chija, mukhoza kuika masiku anayi owerenga zikalata ndi kulemba lipoti loyambira, awiri ophunzitsa ofunsa mafunso, khumi a kumudzi, asanu osanthula zomwe mwapeza, atatu olemba lipoti, ndi limodzi lokafotokozera eni ntchito. Onse pamodzi ndi masiku 25. Wochonga wozindikira amawerengetsa. Mukalonjeza kucheza ndi mabanja 600 m'masiku atatu ndi anthu awiri, adziwa kuti mwina simudayambe mwapitako kumudzi kapena mudzapeka mayankho muli pansi pa mtengo.

Kalendala ya kumudzi ilemekezeni. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi dzinja, anthu amalawirira kumunda ndipo misewu yafumbi imasanduka matope. Madera ena a tsidya la kummawa kwa Shire, monga ku Makhanga, amavuta kufikako madzi akasefukira. Maliro akagwa m'mudzi, tsiku limenelo lapita. Propozo yabwino imatchula zovuta zotere n'kunena chomwe mudzachite zikagwa. Kutchula chiopsezo sikukuchepetsani, kumasonyeza kuti mudayendapo.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye ntchito zambiri zimafuna gulu. Tchulani aliyense, udindo wake, ndi masiku omwe adzagwire. CV iliyonse ikonzedwe molingana ndi ntchito imeneyi, zoyenera zikhale pamwamba. Ndipo musaike CV ya munthu osamupempha. Chizolowezi chobwereka dzina la dokotala wa ku yunivesite kuti mupate mapointi, ntchito ikapezeka n'kutumiza ophunzira, chaononga mbiri ya akatswiri ambiri. Makontirakiti ambiri amaletsa kusintha munthu wofunika popanda chilolezo cha mwini ntchito, ndipo m'dziko laling'ono ngati lathu, wochonga akhoza kungoimba foni n'kumva kuti mwini CV sakudziwa kalikonse.

Nanga wongoyamba kumene, wopanda ntchito zakale zoloza? Asaname. Zomwe adagwira ali pantchito yolembedwa n'zoona ndipo zimawerengedwa, bola afotokoze bwino gawo lomwe iye adachita. Njira ina n'kulowa pansi pa kampani yokhazikika kwa ntchito ziwiri kapena zitatu, n'kumapempha kalata ya umboni pomaliza iliyonse. Makalata amenewo ndiwo chuma cha katswiri.

Mtengo: pomwe ambiri amadzipweteka okha

Gawo la mtengo ligawidwe pawiri. Mbali yoyamba ndi malipiro a luso, omwe amapezeka pochulukitsa masiku a munthu aliyense ndi mtengo wake wa patsiku. Mbali yachiwiri ndi ndalama zoyendetsera ntchito: galimoto, mafuta, malo ogona, malipiro a ofunsa mafunso, mayunitsi, holo yochitira msonkhano ndi kusindikiza. Kusakaniza ziwirizi kumachititsa kuti mudye ndalama za mafuta mukuganiza kuti ndi phindu.

Msonkho uwerengereni padakali pano. Mwini ntchito amalamulidwa kudula msonkho wa withholding pa malipiro a luso n'kuupereka ku MRA, ndipo kwa amene alibe satifiketi yomukhululukira, msonkhowu ndi K20 pa K100 iliyonse. Kutanthauza kuti pa malipiro a K10 miliyoni, m'manja mwanu mufika K8 miliyoni. Ndalama yodulidwayo sinatayike, imawerengedwa pa msonkho wanu wa pachaka, n'chifukwa chake muyenera kutenga satifiketi yosonyeza kuti idadulidwa. Ngati mudalembetsa VAT, ionetseni pamzere wakewake, ndipo nenani poyera ngati mtengo wanu ukuphatikiza misonkho kapena ayi.

Kumbukiraninso kuti kwacha siikhala malo amodzi. Mu Meyi 2022 idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, mafuta n'kukwera mtengo pasanathe masiku. Amene adalemba mtengo mwezi wa Okutobala chaka chimenecho n'kuyamba ntchito mu Disembala adagwira ntchito yolipira yekha. Choncho lembani kuti mtengo wanu ukhala osasintha kwa masiku angati. Ngati eni ntchito alamula okha masikuwo, monga 90, werengerani zimenezo poika mtengo. Pa ntchito yotenga miyezi yambiri, pemphani kuti ndalama za mafuta zidzabwezedwe potengera malisiti.

Kalipiridwe nakonso kalembedwe. Ambiri amalipira m'magawo, mwachitsanzo gawo loyamba lipoti loyambira likavomerezedwa, lachiwiri mukapereka lipoti losakhalitsa, lotsiriza zonse zikatha. Onetsetsani kuti gawo loyamba likukwanira ulendo wa kumudzi. Apo ayi mudzathamangira katapira kuti mulipire ofunsa mafunso, phindu lonse n'kuthera chiwongoladzanja. Nenaninso kuti ndemanga pa lipoti mudzalandira kangati komanso m'masiku angati, chifukwa lipoti lobwezedwa kasanu ndi kawiri limadya mwezi womwe palibe adzakulipireni. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Wotchipa sapambana nthawi zonse

Ambiri amakhulupirira kuti tenda imapita kwa wotchipitsitsa. Pogula simenti kapena mapepala zikhoza kutero, koma pa ntchito za luso njira yofala, yomwe Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imagwiritsanso ntchito, imaphatikiza luso ndi mtengo. Gawo la luso ndi la mtengo amaikidwa m'maenvelopu awiri osiyana. Komiti imayamba yachonga luso, ndipo amene sadafike pa mapointi omwe adaikidwa, envelopu yake ya mtengo siitsegulidwa n'komwe. N'chifukwa chake kutchula mtengo m'gawo la luso kukhoza kukuchotsetsani.

Tiyerekeze kuti luso lapatsidwa magawo 80 ndipo mtengo 20. Kampani yoyamba yapata 90 pa luso ndipo ikufuna K30 miliyoni. Yachiwiri yapata 75 ndipo ikufuna K24 miliyoni. Wotchipa amapatsidwa 100 pa mtengo, pomwe winayo amapata 24 kugawa ndi 30 n'kuchulukitsa ndi 100, yomwe ndi 80. Tikaphatikiza, yoyamba ili ndi 72 kuonjezera 16, zomwe ndi 88. Yachiwiri ili ndi 60 kuonjezera 20, zomwe ndi 80. Yodula ija yapambana ngakhale yaposa inzake ndi K6 miliyoni.

Phunziro lake n'loonekeratu. Usiku womwe mukadathera mukudula mtengo mpaka kufika pa fupa, utherereni kukonza kagwiridwe ka ntchito. Ndipo ngati ToR yaonetsa mapointi a gawo lililonse, yalani mitu ya propozo yanu motsatira mndandanda womwewo. Wochonga amene ali ndi mulu wa mapropozo patebulo sadzasaka yankho lomwe mwalibisa pa tsamba 17.

Kasitomala wopanda ToR

Si ntchito zonse zimalengezedwa m'nyuzipepala. Mwini sukulu yapulaiveti yemwe makolo sakulipira fizi munthawi yake, kopaletivi ya alimi a mpunga yomwe ikufuna ngongole kubanki, kapena SACCO yomwe mabuku ake asokonekera, onsewa amafuna katswiri koma sadziwa kulemba ToR. Apa propozo imabwera pambuyo pa kucheza. Khalani nawo pansi, afunseni kuti vutoli lidayamba liti, adayesapo zotani, likuwatayitsa ndalama zingati, ndipo amene adzavomereze kulipira ndani. Nthawi zina amene mukucheza naye si amene amasaina cheke.

Propozo ya kasitomala wotere ikhale yaifupi, masamba awiri kapena atatu, m'chiyankhulo chomwe bodi yake imamva. Ngati mamembala a kopaletivi amakambirana m'Chichewa, palibe lamulo loletsa kuilemba m'Chichewa. Nenani vuto monga adalifotokozera eni ake, chomwe mudzachite, chomwe adzalandire m'manja, masiku, mtengo, ndi zomwe sizili m'mtengowo. Ndi bwino kupereka njira ziwiri, yaing'ono ndi yokwanira, kuti asankhe molingana ndi thumba lawo.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Fotokozani njira yomwe mudzatsate, koma yankho lenilenilo lisungeni. Alipo ena omwe amaitanitsa mapropozo n'cholinga chongokolola nzeru zaulere, kenaka n'kupatsa mphwawo kuti agwire ntchitoyo.

Za chiphuphu, ndi za kugonja

Tisanamizane, alipo omwe adzakuuzeni kuti popanda "kangachepe" propozo yanu siyiwerengedwa. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lomwe lidakhazikitsa bungwe la ACB, limalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo PPDA ili ndi mphamvu zoletsa kampani yachinyengo kuchita bizinesi ndi boma. Kupatula apo, wogula ntchito ndi chiphuphu amakhala kapolo wa amene adamugulitsa. Tsiku lomwe lipoti lanu lidzapeze kuti mijigo ina idalipiridwa koma siidakumbidwe, mudzauzidwa kuti mufufute ndimeyo, ndipo simudzakhala ndi pakamwa pokanira. Otsala ndi ludzu ndi amayi a kumudzi aja.

Ngati muli pachibale ndi wina wa m'komiti, kapena mudagwirapo ntchito m'pulojekiti yomwe mukufuna kuiunika, ululani polemba. Eni ntchito aone okha chochita.

Mukagonja, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuuzeni pomwe mudafooka. Pa ntchito za boma, amene akuona kuti sizidayende mwachilungamo ali ndi ufulu wodandaula motsata ndondomeko ya PPDA. Koma nthawi zambiri yankho limakhala losavuta kumeza ngakhale lili loona: satifiketi idatha mphamvu, masiku sadagwirizane ndi bajeti, kapena dzina la bungwe lina lidatsalira m'ndime yomwe idakoperedwa ku propozo yakale. Masiku ano ochonga akuzindikiranso msanga Chingerezi chosalala cholembedwa ndi makina pakompyuta, chomwe sichitchula mudzi, mtsinje kapena mwezi.

Choncho musanatseke envelopu, patsani munthu wina yemwe sadalembe nawo kuti awerenge, ToR ili pambali. Akamaliza mufunseni mafunso atatu: vuto la mwini ntchito n'chiyani, ife tichitapo chiyani, ndipo iye atsala ndi chiyani m'manja tikachoka? Akayankha mosajejema, tumizani. Akayamba kukanda mutu, nthawi ikadalipo, bwererani patebulo.